Nyali Yofiira Pasiteshoni Yapakati

A Dalaivala anatuluka m'sitolo ya mankhwala dzuwa litalowa kale. Kabotolo anakaika m'thumba lam'kati mwa jekete n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi. Mankhwala opha ululuwo anali atatha kuchipatala cha kwawo, pamwamba pa phiri, ndipo kuno kutauni anachita kuwasaka sitolo ndi sitolo kuyambira m'mawa. Atafika pokwerera basi anapeza anthu atakhalira akatundu awo, nkhope zili zakugwa. Mvula ya dzulo lake inali itagumula phiri, dothi ndi miyala n'kutseka msewu.

"Mpaka mawa, madala," anatero dalaivala wina wa basi, akutokosa m'mano. "Mwinanso mkuja. Kafuneni pogona."

"Nanga a njinga zamoto?"

"Abwerera onse. Pamene paja ngakhale mbuzi singadutse."

Iwo anthu ankawatchulabe a Dalaivala ngakhale kuti ntchito anapuma kalekale, koma sanali dalaivala wa tinthu ta matayala a mphira iti ayi. Iwo anayendetsa sitima, ya malasha kenako ya dizilo, ndipo ukawaphatikiza ndi oyendetsa mabasi ankakuyang'ana ngati wawaponda chala chodwala.

Foni inalira m'thumba. Anali mwana wawo wamkazi, womaliza, amene ankadwazika mayi ake.

"Ababa, muli pati?"

"Mankhwala ndawapeza, mwananga. Koma msewu watsekeka."

"Amayi asintha. Madzi akukana. Akungofunsa kuti, 'Kodi afika?' Ababa, chonde musagone kumeneko."

Asanayankhe, foni inathima. Moto unali utatha.

Akazi awo anali atagona chaka chathunthu, ndipo m'chaka chonsecho anapempha chinthu chimodzi chokha. Anachipempha tsiku lina a Dalaivala akuwatembenuza pabedi, ndipo anachinena moseka, monga ankanenera zinthu zonse zolemera. "Bambo, ana onse ndinabereka inu muli panjanji. Wachisamba tinamuika m'manda inu muli panjanji. Sindinadandaule, ntchito ndi ntchito. Koma tsiku langa lokha mudzakhalepo. Mudzandigwire dzanja, ndisadzapite ngati mkazi wosakwatiwa." A Dalaivala anati adzakhalapo. Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kutali kuposa pachipata, mpaka m'mawa uno pomwe ululu unafika poti mayiwo ankaluma pilo.

Anaima pokwerera basipo atagwira njakata. Kenako anakumbukira kuti phirilo lili ndi njira yachiwiri, ndipo panalibe munthu wamoyo amene ankaidziwa kuposa iwo.

Njanji ya m'phirimo inatsekedwa kalekale. Zitsulo zinazulidwa n'kugulitsidwa, mitanda anthu anaiwaza nkhuni, koma njira yake inatsala, mzere wa miyala yophwanya wokwera phiri mokhotakhota. Itatsekedwa, a Dalaivala anasamutsidwira kuchigwa, kumene sitima imayenda pamalo osalala ngati tebulo ndipo dalaivala amalimbana ndi tulo basi. Anabwerera kumtunda chaka chathachi, chifukwa akazi awo anati akufuna kudwalira kumene mphepo imawadziwa. Chibwerere sanapondemo m'njira ya njanjiyo, ndipo wina akayamba nkhani zake iwo ankadzuka kukathirira masamba. Zinkawawawa, ndipo sankafuna kuti anthu aone.

Anagula tochi yaing'ono pagolosale, anazungulira kuseri kwa nyumba zosungira katundu, nayamba kukwera.

Poyamba mapazi ankawakana, miyala ikuterereka, koma posakhalitsa thupi linakumbukira. Apa ndi pomwe mtunda umayambira. Apa ndi pomwe wothira malasha ankavula malaya. Iwonso anayamba ndi fosholo, ali mnyamata wowonda ngati bango, kudyetsa ng'anjo yosadziwa kukhuta. Mvula ikagwa mawilo ankangozungulira pamalo amodzi, mutu wa sitima ukufwenthera ngati ng'ombe yokwiya, ndipo munthu ankatsika kukawaza mchenga pazitsulo ndi manja. Pamtunda waukulu sitima inkayenda pang'onopang'ono moti okwera ankatsika, kudzithandiza m'tchire, n'kukweranso bogi lomwelo. Ana ankaithamangira n'kuipitirira, akuiseka. Koma inkafika! Inkafika pamwamba ili wefuwefu, yakuda bii, yotentha, ndipo iwe unkatsika ukumva kuti phirilo mwalikwera awiri.

Masiku amenewo anthu a m'mphepete mwa njanji analibe nazo ntchito mawotchi. Ya m'mawa ikalira, ana kusukulu. Ya madzulo ikalira, olima kuweruka. Ikachedwa, phiri lonse linkachedwa nayo, ndipo mawa lake a Dalaivala ankatukwanidwa ndi anthu oti sanakwerepo sitima chibadwire.

Dizilo itabwera anailandira ndi tsinya. Inali ndi mpando wofewa ndi magalasi, ndipo malaya ankabwerera kunyumba kolala ili yoyera. Akazi awo anakondwa chifukwa cha zochapa. A Dalaivala anati chinthu chosapuma mpweya sungachikhulupirire. Koma nayonso anadzaikonda, makamaka ikamang'ung'udza pansipansi m'mipata ya matanthwe, nyali yake ikung'amba nkhungu. Lero ukauza achinyamata kuti m'phiri muno munkadutsa sitima, amakumvera chisoni ngati wayamba kusokonezeka.

Pakhota lina panali kamlatho ka pakamtsinje. Pamenepa ndi pomwe pankaima mtsikana wina ndi dengu, kutola malasha ogwa m'sitima. Wothira malasha wowonda uja anayamba kuchita ngozi tsiku lililonse pamalo omwewo: fosholo inkangomupulumuka, chibuluma chachikulu n'kugwera pafupi ndi dengu. Dalaivala wake anamulezera mtima mwezi wathunthu, kenako anati, "Iwe, kamufunsire msanga mwana wa eni akeyo kampani isanagwe." A Dalaivala anaseka okha mumdimamo atakumbukira, koma kusekako sikunakhalitse. Mtsikana wa dengu uja ndi amene tsopano akukana madzi.

Anawonjezera liwiro.

Magetsi a tauni anabisika kuseri kwa phiri. Anadutsa nyumba zitatu zophatikizana zomwe munkakhala okonza njanji. Kale pankakhala matewera pachingwe ndi ana obayibitsa sitima. Tsopano zitseko zinachoka, ndipo m'chipinda china munamera mtengo mpaka kutulukira padenga. Sanaunikemo kawiri.

Nkhungu inatsika. Unali mdima wa ndiwe yani, ndipo tochi inkangoonetsa miyala ya patsogolo pa nsapato. Achule amene ankalira m'ngalande analeka. Mphepo inaleka. Kunatsala phokoso la nsapato zawo zokha. Tswa... tswa... tswa...

Anaima kuti akoke mpweya. Phokosolo linamvekanso kamodzi. Tswa. Kenako zii.

Anaunika kumbuyo. Kunalibe kanthu.

"Ndi matanthwe," anadziuza. "Matanthwe amabweza mawu."

Anayendanso. Sanatembenukenso. Atakhota khota lotsatira, anakaona. Kadontho kofiira m'nkhungu. Sikankayenda. Sikankaphethira. Diso la chilombo? Ndudu ya munthu? Ayi. Kufiira kumeneko ankakudziwa kuposa nkhope za ana awo.

Inali siteshoni yapakati. Denga linachoka, mazenera anatsala mabowo, thanki ya madzi inaima payokha pamiyendo yake yadzimbiri. Ndipo m'mphepete mwa simenti yokwererapo panaima munthu wamtali, wa chijasi chofika m'mawondo ndi chipewa cha ntchito, nyali ili m'manja.

Anamuzindikira ndi kaimidwe. Njanji ya m'phirimo inali imodzi, ndipo sitima yokwera ndi yotsika zinkapatukirana pasiteshoni iyi pokha. Kuti zisadzakumane mutu ndi mutu, chigawo chakumtunda chinali ndi ndodo yake yamkuwa, imodzi yokha, yomangiriridwa pamkombero wa waya. Amene ali ndi ndodo ndiye mwini njanji. Wopanda ndodo ankaima panyali yofiira mpaka ndodoyo ibwere, kaya kuche. Munthu uyu ndiye ankaima apa atakweza mkombero, dalaivala n'kupisamo dzanja sitima ikuyenda, n'kupita nawo. Zaka zonsezo madalaivala ankamudziwa mkono wokha, choncho ankangoti a Mkono. A Dalaivala sanachezepo nawo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mtima unakhala pansi pang'ono, kenako chisoni chinawagwira. Anamvapo za anthu otere, amene ntchito inawalowa m'mutu moti kampani itatseka iwo sanamve. Mkulu wa zaka zimenezi, usiku ngati uno, kulondera njanji yopanda zitsulo!

"A Mkono! Mudakalipo kodi?"

"Ndili pantchito." Mawu anali otsika, ngati ochokera mu mgolo. Chipewa chinaphimba maso. "Mwafika, a Dalaivala. Imani pomwepo."

"Ndikupita kumtunda. Mkazi wanga wadwalika."

"Ndodo kulibe. Ili ndi yotsika."

A Dalaivala anayesa kuseka. "Yotsika yake iti, akulu? Njanji anazula. Taonani pansipa, ndi udzu wokhawokha."

"Ndodo kulibe."

"Kapena mlatho wagumuka ndi mvulayi? Ngati ndi choncho nenani."

"Mlatho uli bwino. Phanga lili bwino. Ndodo kulibe." Nyali inakwera pang'ono. "Yotsika sinanyamuke. Ikudikira wokwera mmodzi. Akuchedwa kutsanzika."

Wamisala sakangana naye. A Dalaivala anapukusa mutu, nalambalala. Anadutsa munthuyo. Anadutsa nyali. Kuwala kofiira kunawagwera kumsana, chithunzithunzi chawo n'kutalika patsogolo, kuloza kukamwa kwa phanga limene njanji inkalowamo. Phazi lina... linanso... kenako mapazi anakana.

Amene sanayendetsepo sitima adzati ndi uchitsiru, ndipo mwina akunena zoona. Koma nyali yofiira silowa dalaivala m'mutu, imamulowa m'mafupa. Tsiku loyamba pantchito amakuuza kuti kaya amako amwalira, kaya nyumba ikupsa, yofiira sudutsa. A Dalaivala anaonapo chimene chimachitika wina akadutsa. Anali adakali wa fosholo pomwe sitima ziwiri zinakumana m'phanga lomweli, ndipo anali m'gulu la amene analowamo ndi machira. Kuyambira pamenepo mpaka kupuma ntchito sanadutsepo yofiira ngakhale ndi utali wa chikhatho. Analibe nyumba yaikulu, analibe galimoto, chodzitamira chawo chinali chokhachi.

Ndipo pansi pankanjenjemera. Pang'ono chabe. Ankamva m'zidendene, kunjenjemera kuja kumene zitsulo zimachita sitima ikadali kutali. Zitsulo zake ziti? Anaunika. Udzu. Miyala. Koma pansi pankanjenjemera!

M'phangamo munali bii. Munkatuluka kamphepo kofunda. Kafungo ka malasha...

Anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda benchi la simenti, nakhala pansi.

"Pang'ono pokha," anatero. "Ndipume pang'ono pokha."

"Yokwera imadikira," anatero a Mkono. "Ndi lamulo."

"Chonde, akulu. Inu munalibe mkazi kodi?"

"Ndinali naye. Anakwera yotsika."

A Dalaivala anayang'ana kuphanga. Anakhala atakumbatira jekete, mano akuguguda. A Mkono sanakhale pansi, sanasinthe dzanja lonyamula nyali, sanatsokomole n'komwe. Patapita nthawi, osatembenuka, anafunsa ngati mutu wa sitima wakale uja wa nambala yofufutika unkatererabe pamtunda wa pathanthwe.

A Dalaivala anati unkaterera ukapatsidwa kwa anthu osaudziwa. Unkafuna kuunyengerera, kuutsegulira nthunzi pang'onopang'ono, osati kuukalipira. Anaonetsa ndi dzanja. Kenako anafotokoza za mchenga wonyowa umene unkakana kutuluka m'paipi, za madzi a m'thanki iyi amene ankazizira mpaka mano kuwawa, za mazira okazinga pafosholo, za tsiku limene mabuleki anatentha potsika ndipo anaimitsa sitima yodzaza ana a sukulu mawilo akulavula moto. Panali patapita zaka zambiri popanda munthu wowafunsa zimenezi. Ana awo ankayasamula akaziyamba. Koma uyu ankagwedeza chipewa pamalo oyenera, ndipo mawu ankangotuluka okha. Apa ndiye pamene pamapweteka, chifukwa kwa nthawi ndithu, pabenchi lozizira lija, a Dalaivala anasangalala. Anaiwala kabotolo. Anaiwala amene ankafunsa kuti kodi afika.

Kutali, kumalo ena osaoneka, tambala analira.

"Wakwera," anatero a Mkono.

Kenako inalira. Kuchokera kumtunda, kuseri kwa phanga... Huuu! Huuu-uu! Kulira kwa nthunzi, kumene makutu awo anali atakuiwala. A Dalaivala anadzambatuka. Pansi panagwedezeka. M'phanga munayera. Diso limodzi lalikulu, lachikasu, likukula... likukula...

Inatuluka! Yakuda, yonyowa, ikupemerera nthunzi mbali zonse. Mawilo ankagunda pazitsulo zimene panalibe. Kutentha kwake kunawawomba kumaso. M'chipinda cha dalaivala munkayaka moto, koma nkhope sanaione. Anangoona dzanja likutuluka ndi mkombero, a Mkono n'kuulandira mwaluso ngati kale.

Mabogi anatsatira, mazenera akuwala mwachikasu. Munali anthu. Atakhala phee. Atavala bwino. Akatundu alibe. Palibe wolankhula, palibe woyang'ana kunja. Uyo... si dalaivala wawo wakale uja? Awo... si mayi aja ankagulitsa tiyi pasiteshoni yakumtunda? Onsewa maliro awo anamveka kalekale!

Bogi lomaliza. Zenera lotsegula.

Anali akazi awo, atavala diresi lawo la maluwa obiriwira, lija linkawakula chidwalire, koma tsopano linkawakwana bwino. Imvi zili mbuu m'mphepete mwa mpango. Pamiyendo pali kamwana kofunditsidwa shawelo, wachisamba uja. M'sitima monsemo iwo okha ndi amene ankayang'ana kunja, akusuzumira uku ndi uku ngati munthu amene analonjezedwa kuti wina adzamuchingamira. Maso anakumana.

"Mayi!"

Anatulutsa dzanja pazenera. A Dalaivala anathamanga. Tochi inagwa. Anathamanga m'mphepete mwa simenti, dzanja lili m'mwamba. Zaka zonse zija sanaphonyepo mkombero, kaya mvula, kaya mdima, kaya sitima ithamange bwanji. Zala zinayandikana. Pang'ono... pang'ono pokha...

Simenti inatha. Anagwa chafufumimba m'miyala.

Atadzutsa mutu, kanyali ka kumbuyo kwa sitima kankazimirira m'nkhungu, kulowera kuchigwa. Kenako zii. Achule anayambanso kulira.

"Ndinasinza," anadziuza, akupukuta magazi pachibwano. "Ndinasinza pabenchi. Ndalota, ndathamanga ndili m'tulo."

A Mkono anali pomwe paja. Anatembenuza galasi la nyali, kuwala n'kusanduka kobiriwira.

"Njira ndi yanu, a Dalaivala," anatero. "Pepani. Lamulo sindinaike ndine."

Sanawatsanzike. Analowa m'phanga popanda tochi, akupapasa khoma, mwaye wa zaka zakale ukuwamata m'manja. Madzi ankawadonthera m'khosi. Mlatho anawoloka chokwawa, mtsinje ukukokoma pansi patali. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Njira yonse ankalankhula okha kuti ndi maloto chabe, munthu wokalamba amalota zambiri, akawapeza akupuma, akawamwetsa mankhwala, adzaseka akamva kuti amuna awo anaimitsidwa ndi wamisala. Pamene ankafika panyumba za kumtunda kunja kunali kutayera, ndipo kulira anakumva asanaone denga.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba chaka chathunthu. Pabwalo panali azimayi oyandikana nawo nyumba, ndipo anawapatukira. M'chipinda akazi awo anagona atawongoledwa, nkhope itasalala, makwinya onse a ululu atachoka. Mwana wawo anakhala pansi, mutu utatsamira bedi. A Dalaivala anatulutsa kabotolo n'kukaika patebulo, chifukwa sanadziwe choti achite nako.

"Nthawi yanji?" anafunsa.

"Tambala woyamba atangolira." Mwanayo sanawayang'ane. "Analimbana usiku wonse, ababa. Ndinkawauza kuti pumulani, amayi, iwo amvekere, 'Ali m'njira.' Kumapeto anatulutsa dzanja m'bulangete. Ndinaligwira, koma analikoka. Analitambasulanso, kuloza kukhomo. Si langa limene ankafuna."

A Dalaivala anagwada, naligwira dzanjalo ndi manja awiri, manja akuda ndi mwaye. Linali litazizira kale. Mtunda wochokera pasiteshoni yapakati kufika pakhomo pawo ankaudziwa bwino lomwe, ndipo sakanatha kudzinamiza. Akanapitirira, akanafika pakati pa usiku pasanakwane. Akanapeza dzanjalo lili lofunda. Analira mokweza ngati mwana, moti azimayi a pabwalo anatonthola n'kumamvera.

Chakumasana azibambo anasonkhana kuseri kwa nyumba. Pakati pawo panali a Fosholo, mkulu amene anawathirira malasha zaka zambiri ndipo sanachokepo kumtundako. Anakoka mpando n'kukhala pambali pa mnzawoyo monga ankachitira m'chipinda cha sitima.

"Ndamva kuti mwabwera wapansi, akulu," anatero a Fosholo. "Panjanji? Usiku? Ndi miyendo imeneyi?"

"Ndikanafika nthawi yabwino," anatero a Dalaivala, mawu atasasa. "Anandiimika a Mkono. Kodi alibe abale? Munthu wa zaka zimene zija, mutu utasokonezeka, mukumusiya azigona m'bwinja ndi nyali, n'kumaimika anthu? Mkazi wanga anandipempha tsiku limodzi lokha, lomwelo andilanda."

A Fosholo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"A Mkono ake ati?"

"A pasiteshoni yapakati. Aatali aja. Kodi pali a Mkono angati?"

"Akulu..." anatero a Fosholo. "Inu munali kuchigwa, simunamve. A Mkono anamwalira chaka chomwe anazula zitsulo. Anakana kuchoka. Ankati sitima yomaliza sinabweze ndodo, ndiye sangatseke siteshoni. Tinawapeza pabenchi paja atauma, nyali ili pambali. Bokosi lawo ndinanyamula nawo ndi phewa langali. Manda awo ali kuseri kwa thanki."

Mmodzi wa azibambo amene anali pafupi anasuntha mpando wake. A Dalaivala sanadzidzimuke, ndipo mantha sanawagwire, chifukwa mantha ndi a munthu amene watsala ndi chotaya. Anangoyang'ana m'manja mwawo mmene miyala inawakanda.

"Ndiye kuti panalibe munthu," anatero pang'onopang'ono. "Panalibe munthu, panalibe njanji, panalibe kampani yoti indichotse ntchito."

Kumbuyo kwawo makapu analira pathileyi. Mwana wawo anali atabwera ndi tiyi wa olira maliro, ndipo anali atamva zonse. Anaika thileyiyo pansi, nagwada patsogolo pa bambo ake.

"Nanga munaimiranji, ababa?" anafunsa, misozi ikuyenderera. "Amayi akukuitanani usiku wonse, bwanji osangodutsa?"

A Fosholo anaweramitsa mutu, chifukwa yankho ankalidziwa. A Dalaivala anafunafuna mawu oti mwana wawo angamve, ndipo sanawapeze.

"Inali yofiira, mwananga," anatero. "Nyaliyo inali yofiira."